Kusoka quilt ndi batik: utoto, singano ndi kasamalidwe kake

Mukagwira batik m'dzanja limodzi, nsalu wamba ya thonje m'dzanja linalo, kusiyana kwake mumakumva musanayang'ane n'komwe. Batik ndi yopyapyala, yosalala, youma pang'ono, ndipo mukaikoka sitanuka kwenikweni. Pafupifupi zonse zimene nsaluyi imachita pa tebulo losokera, zabwino ndi zovuta zomwe, zimachokera ku mmene anaipangira. Munthu amene wamvetsa zimenezo safunika kuloweza malamulo ambiri.

Batik kwawo ndi ku Indonesia, makamaka pachilumba cha Java, m'mizinda ya Yogyakarta, Surakarta, Pekalongan ndi Cirebon. Bungwe la UNESCO linaizindikira pa 2 Okutobala 2009 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ku Indonesia tsiku limeneli amalikumbukira chaka ndi chaka. Mmisiri amalemba maluwa pansalu ndi phula lotentha, amainyika mu utoto, ndipo pamene pali phula utoto sulowa. Akafuna mtundu wina amapakanso phula n'kunyikanso. Pomaliza amawiritsa nsaluyo m'madzi kuti phula lisungunuke n'kuyandama. Batik yolemba pamanja amagwiritsa ntchito canting, kachikho ka mkuwa kokhala ndi kamlomo kodontheza phula. Imeneyo imatenga milungu kapena miyezi, ndipo palibe amene amaidula tizidutswa. Yosokera quilt (chofunda cha magawo atatu, chimene pamwamba pake ndi tizidutswa ta nsalu tolumikiza) amaidinda ndi cap, chidindo cha mkuwa chimene amachiviika m'phula n'kumachiponda pansalu mzere ndi mzere. Phula lake amasakaniza la njuchi ndi la parafini, kuwonjezapo utomoni wa mitengo. La njuchi limamatirira bwino, la parafini limasweka, ndipo timizere tating'ono timene mumationa titamwazika pansalu ndi pamene utoto unalowera m'ming'alu imeneyo.

Kuti phula likhale pamzere wake osayenderera, nsalu iyenera kukhala yoluka mothithikana ndi ulusi wosalala. N'chifukwa chake batik siyoyoka kwambiri m'mphepete, ndipo n'chifukwa chakenso imavutitsa singano. Popeza inanyikidwa ndi kuwiritsidwa, utoto unalowa mbali zonse ziwiri ndipo kufupika kwake kwakukulu kunatha kale. Pogula tembenuzani nsalu. Kumbuyo kukakhala kotuwa ngati sikunalowe utoto, imeneyo ndi nsalu yosindikiza pa makina mofanizira batik, ndipo zambiri zimene zili pansipa sizikuikhudza.

Utoto wotsalira

Vuto lalikulu, limene limawononga ntchito ya miyezi pa kuchapa kumodzi, ndi utoto wosamukira pa nsalu zoyera. Batik zambiri za quilt amazinyika mu utoto wa mtundu umene umagwirana ndi thonje lenilenilo ukakumana ndi mankhwala monga soda ash. Umene wagwira wagwira, suchokanso ndi madzi. Koma mu ndowa ya utoto, gawo lina limagwirana ndi madzi m'malo mwa thonje, ndipo limeneli limangokhala pakati pa ulusi kudikira kutsukidwa. Opanga akatsuka mothamanga, lotsalalo limabwera kwa inu. Mitundu yoyenera kuikayikira kwambiri ndi yofiira, yapepo, yabuluu wakuda, yakuda, ndi buluu wowala uja wopita ku girini, amene amavuta kutsuka kuposa ina yonse.

Mchere ndi viniga sizithandiza pano, ngakhale malangizo amenewa amayenda kwambiri. Viniga amagwira ntchito pa utoto wa ubweya ndi silika. Mchere amauthira ponyika kuti ukankhire utoto ku nsalu, koma sumanga utoto umene unalephera kale kugwira. Utoto wotsalira mankhwala ake ndi kuuchotsa.

Nsalu iliyonse iyesedwe payokha, chifukwa ziwiri zooneka zofanana zimatha kuchita zosiyana. Dulani kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse, kaikeni m'botolo lagalasi la madzi otentha okhala ndi dontho la sopo, kaponyeninso kachidutswa koyera ka nsalu imene mudzasokere pambali pake. Pakatha mphindi 30 yang'anani madziwo mutaika pepala loyera kumbuyo kwa botolo. Madzi kusintha mtundu si chigamulo chomaliza, chifukwa utoto wina umatuluka koma osagwira pa nsalu ina. Chigamulo chili pa kachidutswa koyera kaja. Katulutseni, kagonekeni pamwamba pa kakudako zonse zili zonyowa, muzisiye ziume pamodzi. Koyerako kakatenga mtundu, nsaluyo isalowe mu quilt mpaka itatsukidwa bwino.

Kutsuka kwake kumafuna madzi otentha, pafupifupi madigiri 60, komanso ambiri. Kuchuluka kwa madzi n'kofunika kuposa mtundu wa sopo, chifukwa utoto ukatuluka umafuna kopita. M'madzi ochepa umangobwereranso pa nsalu yomweyo. Makina ochapira otsegula kutsogolo amagwiritsa ntchito madzi ochepa, choncho pa ntchito iyi beseni lalikulu kapena bafa zimawaposa. Siyanitsani mitundu, zofiira pazokha, zabuluu pazokha. Synthrapol ndi sopo amene onyika utoto amagwiritsa ntchito kuti utoto wotuluka uziyandama m'madzi, koma sopo wamadzi wotsukira mbale, wopanda mafuta ofewetsa manja, amagwiranso ntchito imeneyi. Viikani nsalu yonse imire, isiyeni maola angapo, tayani madziwo, thiraninso otentha, mpaka madzi azituluka oyera. Kenako bwerezani kuyesa kuja.

Pali nsalu zina zouma mutu zimene zimatulutsabe utoto ngakhale mutsuke kangati. Kwa zimenezi kuli Retayne, mankhwala omatira utoto pa thonje. Muyezo wake ndi sipuni yaing'ono imodzi pa yadi imodzi ya nsalu, m'madzi a madigiri 60, kutakasa kwa mphindi 20, n'kutsukuluza ndi madzi ozizira. Nsalu yotero muziichapa ndi madzi ozizira kuyambira pamenepo. Koma Retayne ndi wa nsalu yosadula, ya mtundu umodzi. Mukamuthira pa quilt yosoka kale imene utoto wayenderera, amamatira banga lija pa nsalu yoyera mpaka kalekale. Ngati nsalu ikukanabe ngakhale pamenepo, ine ndimaona kuti ndi bwino kuisiya, kapena kuisungira quilt ya mitundu yakuda yokhayokha.

Alipo osoka ambiri amene sachapa batik asanadule, ndipo quilt zawo zimatuluka bwino. Nthawi zambiri amakhala akusoka mitundu yoyandikana, pamene utoto wochepa wosamuka suoneka. Pamene chofiira chagundana ndi choyera, kusachapa ndi kutchova juga. Chifukwa china chochapira ndi pamene mukusakaniza batik ndi nsalu wamba ya thonje. Yawambayo ikakhala yosachapa imafupika pa kuchapa koyamba, batik n'kutsala pafupifupi mmene inalili, misoko n'kukwinyika mbali imodzi. Chapani zonse ziwiri, vutoli silibwera.

Nsalu zogula zodulidwa kale, monga timizere ta mainchi 2.5 m'lifupi kapena timabwalo ta mainchi 5, musaziponye m'makina ochapira. Zimapotana n'kutaya muyezo wake. Ziviikeni m'beseni mosatikita, zipsinjeni pakati pa mataulo, ziyaleni pansi ziume. Mukatero yezaninso, chifukwa kamzere kamatha kuchepa pang'ono.

Nthawi zina mupeza phula lotsalira, timadontho touma kapena malo olimba onunkhira ngati kandulo. Ikani pepala losalembedwa pansi ndi pamwamba, sitani ndi simbi yotentha, sinthani pepala mpaka lileke kuoneka mafuta. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamukira pa nsalu. Phula limeneli likasiyidwa limamata singano, ndipo limalepheretsa guluu wositira kugwira mukamamata maluwa odula pamwamba pa nsalu ina.

Kusankha ndi kudula

Popeza cap amachiponda ndi manja, maluwa sayenda mzere umodzi ndi ulusi wa nsalu. Dulani motsatira ulusi, osati maluwa. Mtundu umasinthanso kuchoka kumayambiriro kwa mpukutu kufika kumapeto, ndipo mpukutu wachiwiri wa nsalu yomweyo umatha kukhala wakuda kapena wowala kuposa woyamba. Ya m'mphepete mwa quilt kapena yoyala pansi pa maluwa onse, gulani yokwanira nthawi imodzi. M'lifupi batik imakhala mainchi 42 mpaka 44, koma powerengera tengani masentimita 105 okha, popeza m'mphepete mumadulidwa.

Batik zambiri zili pakatikati, si zowala kwenikweni, si zakuda kwenikweni. Pa shelefu iliyonse imakongola payokha, koma zikalumikizidwa popanda zowala ndi zakuda zenizeni, chithunzi chimene munafuna chimasowa, quilt yonse n'kuoneka ngati matope. Yalani zidutswa zanu pansi, jambulani ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Zimene zaoneka zofanana pamenepo zidzaonekanso zofanana munthu akaima chapatali. Kumbukiraninso kuti nsalu imodzi ya batik imatha kukhala ndi malo owala ndi akuda, choncho kachidutswa kakang'ono kodulidwa pamalo owala kamatha kugwera gulu lolakwika.

Kufanana kwa mbali ziwiri n'kwabwino, chifukwa chidutswa chodulidwa mozondoka mumangochitembenuza. Koma kumasokoneza pa zidutswa zopendekera zimene kumanja ndi kumanzere kwake n'kosiyana. Sankhani mbali imodzi, kawirikawiri imene mizere ya maluwa ili yakuthwa, muike kachizindikiro ka choko kumbuyo musanachotse zidutswa pa tebulo. Mpeni wozungulira ukhale watsopano. Nsalu yothithikana imabunthitsa mpeni msanga, ndipo wobuntha umasiya timaulusi tosaduka.

Pa makina

Singano wamba ya makina ili ndi nsonga yobulungira pang'ono kuti izidutsa pakati pa ulusi. Pa batik mpata umenewo palibe, ndiye singano imachita kuboola mokakamiza. Mumamva kaphokoso kakuti tho, tho, tho pa kubaya kulikonse, msoko umakwinyika, ndipo makina amalumpha. Singano yoyenera ndi ya nsonga yakuthwa, imene pa paketi amalemba Microtex, ya nambala 70/10 kapena 80/12. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa singano: 70 ndi mamilimita 0.7. Ulusi wa thonje wa nambala 50 umayenda bwino ndi singano zimenezi. Pa ulusi, nambala ikakwera ndiye kuti ulusiwo ndi wopyapyala. Singano yosoka batik isinthidwe pakatha maola pafupifupi 8 osoka, kapena kaphokoso kaja kakangobwerera. Ikayamba kumata, pukutani ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti.

Kutalika kwa sitichi polumikiza zidutswa kukhale mamilimita 2 kapena kupitirira pang'ono. Mukafupikitsa kwambiri, mabowo amathithikana ndipo kumasula kumasanduka chilango. Batik imasunga mabowo a singano. Mukamasula msoko, wazani madzi pang'ono, kandani mzerewo ndi chikhadabo mopingasa, sitani. Ambiri amatsekeka, koma pa nsalu yakuda imene singano yonenepa inadula ulusi, kamzere kotuwa kamatsalabe. Mapini akhalenso opyapyala, ndipo abayidwe m'kati mwa mpata wa msoko, umene ndi kansalu kotsala pakati pa msoko ndi m'mphepete.

Chimene chimadabwitsa amene anazolowera nsalu wamba n'chakuti batik silola kukokedwa kuti zigwirizane. Nsalu wamba, mbali ziwiri zikasiyana ndi mamilimita atatu, mumakoka yaifupi pang'ono, simbi n'kumaliza ntchito. Batik yaitaliyo imangopinda kakhwinya pansi pa phazi la makina. Choncho muyezo wa msoko uyenera kulondola kuyambira pachiyambi. Mpata wa msoko wa quilt ndi kota ya inchi, mamilimita 6 ndi pang'ono. Msoko ukakula ndi milimita imodzi yokha, umadya mamilimita awiri, imodzi ku chidutswa chilichonse, ndipo mzere wa misoko 20 umafupika ndi masentimita 4. Yesani musanayambe: dulani timizere titatu ta mainchi 2.5, tilumikizeni m'litali, sitani, yezani. Muyenera kupeza mainchi 6.5, amene ndi masentimita 16.5. Zikachepa, sunthani singano kumanja pang'ono, kapena chizindikiro chotsogolera m'mphepete mwa nsalu kumanzere, n'kuyesanso. Pa misoko yokhota ikani mapini ambiri, sokani pang'onopang'ono, ndipo chekani timipata tating'ono m'mphepete mwa chidutswa cholowa m'kati kuti chitambasuke.

Malipiro a kulimbikira kumeneku ndi nsonga zakuthwa. Batik imagwira mpindo ngakhale ndi chala chokha, misoko yake ndi yopyapyala, ndipo pamene zidutswa zisanu ndi zitatu zakumana sipatupa kwambiri. Pa ntchito ya tizidutswa ting'onoting'ono komanso ya maluwa omata osapinda m'mphepete, nsalu yoiposa ndi yosowa. Posita, ikani simbi n'kuinyamula, osaikwekweza. Nsalu zakuda sitani kumbuyo kuti zisanyezimire. Ngati simunachape, pewani nthunzi pamene chakuda chagona pa choyera, chifukwa chinyezi chotentha chimasamutsa utoto pomwepo pa tebulo lositira.

Kuphatikiza magawo atatu

Nsalu yapamwamba ikatha, pamabwera batting, chofewa chapakati chija, ndi nsalu yapansi. Yapansi ipitirire ndi masentimita 10 mbali iliyonse. Batting wa thonje, kapena wosakaniza magawo 80 a thonje ndi 20 a poliyesita, amayenderana ndi batik chifukwa ndi wopyapyala. Pa paketi yake amalemba kutalikirana kwa mizere yosoka kumene amalola, ndipo zimenezo zitsatidwe, apo ayi amadzaunjikana m'makona pochapa. Mapini otseka abayidwe motalikirana pafupifupi masentimita 10.

Batik pamwamba ndi batik pansi ndi pamene makina ambiri amayamba kulumpha ndi kudula ulusi. Singano ikatsika n'kuyamba kukwera, ulusi umayenera kupanga kalupu kumbuyo kwake kuti mbedza ya pansi ikakole. Nsalu yothithikana imafinya ulusi pa singano, kapena imakwera nayo limodzi, kalupu kaja osapangika. Singano ya Topstitch 90/14 imathandiza chifukwa diso lake ndi lalitali ndipo ngalande yake imateteza ulusi. Chepetsani liwiro, masulani ulusi wapamwamba pang'ono, ikani sitichi ya mamilimita 2.5 mpaka 3, ndipo ngati muli ndi mbale ya bowo limodzi laling'ono pansi pa singano, ikeni imeneyo. Zonsezi yesani kaye pa kachidutswa kophatikiza magawo atatu omwewo. Ngati makina anu ndi ang'ono, nsalu wamba ya thonje pansi imachotsa theka la mavutowa. Chinanso, nsalu yapansi yowala pansi pa quilt yakuda imaonetsa banga lililonse la utoto, choncho isankheni mwanzeru.

Kusoka pamanja timasitichi tating'onoting'ono pa batik kumapweteka zala. Amene akufuna ntchito yamanja atenge ulusi wonenepa wa perle nambala 8 kapena 12, singano yakuthwa ya diso lalikulu, kachipewa kachitsulo kovala ku chala, n'kusoka masitichi aakulu owonekera.

Mkombero, kamzere ka nsalu kokuta m'mphepete mwa quilt, umakhalitsa ukakhala wa batik, popeza m'mphepete ndi mmene quilt imayambira kutha. Kwa quilt ya masentimita 150 ndi 200, kuzungulira kwake ndi 700. Onjezani 30 wa makona ndi polumikiza, zikhala 730. Timizere ta masentimita 105 tikufunika 7, koma kulumikiza mopendekera kumadya nsalu, choncho dulani 8. Tikakhala ta masentimita 6.4 m'lifupi, nsalu yofunika ndi masentimita 51, ndiye gulani 60.

Kuchapa ndi kusunga

Pa kuchapa koyamba gwiritsani ntchito madzi ozizira ambiri, sopo wofatsa wopanda jiki, ndi timapepala tokola utoto tiwiri kapena titatu. Chofunika kwambiri n'chakuti quilt isagone yonyowa itapindika. Mabanga ambiri amachitika makina ataima, chofiira chonyowa chitatsamira choyera kwa ola limodzi. Itulutseni nthawi yomweyo. Musaifinye mopotokola, ndipo musainyamule ndi ngodya imodzi, chifukwa kulemera kwa madzi kumadula misoko. Iyaleni pamthunzi podutsa mphepo, kapena iumitseni m'makina ndi kutentha kochepa.

Utoto ukayenderera, musasite ndipo musaumitse ndi kutentha. Dzazani bafa ndi madzi otentha kwambiri amene mpopi ungatulutse, thirani sopo wotsukira mbale uja wokwanira kuchita thovu, mizani quilt yonse. Mbali iliyonse yotulukira pamwamba pa madzi imatenga mzere wa utoto, choncho ipsinjeni ndi chinthu cholemera choyera. Madzi akada m'mphindi zoyamba, tayani n'kuthira ena, kenako isiyeni usiku wonse. Zimaoneka zosemphana ndi nzeru kuika quilt yotaya utoto m'madzi otentha, koma utoto wosamukawo sunagwirane ndi thonje, ndipo kutentha ndi madzi ambiri ndi zimene zimauzula. Nthawi zina pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Njira imeneyi si ya quilt yokhala ndi batting wa ubweya, amene amafupika ndi kulimba m'madzi otentha.

Dzuwa limasulutsa batik pang'onopang'ono, ndipo mtundu wosuluka subwerera. Quilt yoyala pa bedi loyang'ana zenera izitembenuzidwa, yopachika pakhoma isayang'ane dzuwa. Posunga, ikhale youma bwinobwino, muikulunge m'nsalu ya thonje yoyera yochapa. Pulasitiki imatsekera chinyezi n'kubweretsa chuku, ndipo thabwa losapaka kanthu kapena katoni zimasiya mabanga achikasu pakapita nthawi. Popeza batik imagwira mpindo mwamphamvu, mizere yopindira imazika kuposa pa nsalu wamba. Miyezi ingapo iliyonse itambasuleni n'kuipinda pena, mopendekera ngati n'kotheka, kapena ikulungeni pa chubu chokutidwa ndi nsalu, mbali ya maluwa ili kunja kuti makwinya agwere kumbuyo.